Usanakwere Ndege, Kafike ku Lirangwe

Chileka,
Lachinayi masana.

Thokozire mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe uli kumsika kokalukitsa tsitsi, chifukwa ndikati ndilankhule nawe pamaso sitifika patali. Ine ndinena mawu awiri, iwe ubweza asanu, ine ndikweza mawu, aneba n'kutseka wailesi kuti amve bwino. Pepala ndiye silibweza. Uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe mizere ngati mmene umachitira ndi mauthenga anga a pafoni.

Mawa masana ukukwera ndege kupita ku Ulaya kukaphunzira za magetsi a dzuwa ndi a mphepo. Ndakunyadira. Kuntchito ndauza aliyense, ngakhale aja sindipatsana nawo moni. Zikwama zako ndalongedza, ndamasula, ndalongedzanso, majuzi ali pamwamba kuti ukangotsika uvale. Chatsala n'chimodzi. Sunakatsanzike amalume ako a Layisoni ku Lirangwe, ndipo wati supita. Ndege ndi ya masana, m'mawa wonse ndi wako. Ndizungulira uku ndi uku monga umandidziwira, koma nkhani ya kalatayi ndi imeneyi basi.

Ndikukumbutse za Loweruka, poti iwe ukuti palibe chimene chinachitika. Tinaitana anthu kudzakutsanzika pano pakhomo. Achimwene anga aja ananyamuka ku Lirangwe ndi thumba la makala panjinga, chifuwa chili mmene ukuchidziwira muja, kupumira m'njira pansi pa timitengo timene nkhwangwa zawo zinaiwala. Atafika anayedzeka njinga kumpanda n'kunena kuti, "Thoko mayi wanga, sutikesi yoti ndikupatse ndilibe. Ndabweretsa moto, anthu adyere pa tsiku lako." Iwe unaimirira pamaso pa abusa, aphunzitsi ako akale ndi aneba onse, n'kuyankha kuti, "Amalume, mukudziwa kuti m'thumba limeneli mwagona mitengo ingati? Anthu ngati inu ndi amene mukupha dziko lino. Ine chophikidwa pa makala amenewa sindidya." Ndipo sunadyedi. Unakakhala pakona ndi buledi ndi botolo la chakumwa ngati mlendo wa boma. Amalume ako anavula chipewa, anati, "Zikomo mayi, tamva," n'kutembenuza njinga mpunga usanapse.

Ndikufunse pang'ono, mayi wopulumutsa dziko. Tiyi wa m'mawa uno, magetsi atathima kuyambira dzulo, ukuganiza kuti ndinawiritsira pa chiyani? Pa mwezi? Ndi makala omwe aja. Unamwa makapu awiri, wachiwiri unachita kupempha.

Usaganize kuti ndikunena kuti unanama. Zimene unanenazo n'zoona, ndipo unazimva kwa ine usanaziwerenge m'buku. Ndili mtsikana, kuchoka kumudzi kwathu kutsikira ku Shire kunali tchire loti masana munkayenda mumthunzi. Lero ukaima pamsewu umaona mbuzi ili kutsidya kwa phiri, mpaka kudziwa kuti ndi ya ndani. Mvula ikagwa dothi limatsetserekera mumtsinje, Shire n'kufiira ngati thobwa, matope ndi zinyalala n'kukatseka makina opangira magetsi. Magetsi akathima m'tauni aliyense amathamangira mbaula. Mbaula ikafuna makala amalume ako amanola nkhwangwa. Mitengo ikagwa matope amachuluka, magetsi amathimanso. Zimangozungulira choncho chaka ndi chaka. Amalume ako amati mitengo ndi ya Mulungu, imamera yokha. Akulakwa, ndipo ndawauza kambirimbiri. Koma ndimawauza tili awiri kuseri kwa nyumba, nditayamba ndawapatsa madzi akumwa. Usaiwalenso kuti mawaya akuluakulu ochokera ku Shire amadutsa pamwamba pa munda wawo kupita ku Blantyre. Akhala akuwamva akulira mvula ikamawaza kuyambira ali mnyamata, koma m'nyumba mwawo simunayakepo babu la magetsi amenewo. Munthu wotero ukamamuuza kuti akuthimitsa magetsi a dziko, uzidziwa kuti ukumuuza za magetsi a eni.

Sayansi ndimaikhulupirira, mwana wanga, mwina kuposa iwe, chifukwa ine ndinaiona ikundibwezera mwana m'manja. Uli wamng'ono unadwala malungo aakulu, kukomoka, maso kutembenuka. Tinali ku Lirangwe kokolola. Azakhali a malemu bambo ako anati izi n'za anthu, tipite nawe kwa sing'anga wa ku Mdeka. Ndinawayankha mawu amene mpaka lero sanandikhululukire, n'kukubereka ulendo wa kuchipatala. Kumeneko mayi wa kulabu anakubaya chala n'kupaka magazi pa kagalasi. Ndinamupempha kuti nanenso ndisuzumire m'makina ake oonera tizilombo, ndinati ndinaphunzirako zimenezi. Anayang'ana chitenje changa chakumunda, anaseka, koma anandilola. Ndinationa, Thoko, tili m'magazi ako, tating'ono ngati timphete. Mdani anali ndi nkhope, anali ndi dzina, anali ndi mankhwala ake. Anakuika diripi, ndipo patapita masiku unadzuka n'kupempha mandasi. Ndiye wina asadzakunamize kuti sayansi ndi zachizungu, kapena kuti zonse n'chimodzimodzi, kaya kwa sing'anga kaya kuchipatala. Si chimodzimodzi. Tsiku lililonse kuntchito kwanga kubwalo la ndege ndimaona chitsulo cholemera kuposa nyumba yathuyi chikunyamuka ndi anthu m'mimba mwake. Sichiuluka chifukwa woyendetsa ndi mkulu wa mpingo. Chimauluka chifukwa wina anawerengera bwino masamu.

Tsopano imva za ine, uone kumene pakamwa pakopo panachokera. Anthu a pa Chileka pano ali ndi nkhani zawo za chimene ndinasiyira yunivesite. Ena amati mimba, pamene iwe unabadwa patadutsa zaka. Ena amati mutu unasokonekera ndi mabuku. Nkhani yake ndi iyi. Chaka chachitatu, mphunzitsi wina wamkulu, wa ndevu zake ndi madigiri akunja, analakwitsa samu pabolodi, ya mmene kutentha kumayendera m'chitsulo. Ndinaimika dzanja. Sindinati, "Bwana, pamenepo sindinamvetse." Ndinati, "Mwalakwitsa, ndipo anzathu a chaka chatha akuti munalakwitsanso pomwepo." Kalasi yonse inaseka. Anandiuza kuti ndikapepese ku ofesi kwake. Ndinati ndipepesa akayamba wakonza samuyo. Phunziro lake ndinalephera, ndinabwereza mayeso, ndinalepheranso, basi anandiwida, monga tinkanenera masiku amenewo, kutanthauza kuti nyamula katundu uzipita. Samu ija anailakwitsadi, ndikadzafa mudzalembe pamanda. Koma iye anapuma ntchito ndi ulemu wake, ine ndimaima pa makina ounikira zikwama kubwalo la ndege, kuuza anthu kuti avule malamba. Anzanga a m'kalasi amadutsa pomwepo ndi masuti, kupita kumisonkhano ya zanyengo. Ena amandizindikira n'kuyang'ana kumbali. Wina anandipatsa moni wa Chingerezi n'kufunsa kuti, "Mukadali kuno?" Ndinati, "Eya bwana, ndipo m'chikwama mwanumo muli lumo, tsegulani." Sayansi inandiuza kuti ndinali wolondola. Sinandiuze kuti ndinene liti, pamaso pa ndani, ndi mawu otani. Zimenezo mulibe m'silabasi, ndipo kumene ukupitako sakakuphunzitsanso.

Udziwenso amene anabwera kudzandichingamira pasiteji tsiku lobwerera kumudzilo. Anali a Layisoni, ndi njinga yawo yakuda bii ndi makala. Iwo anasiya sukulu ali ku pulayimale kuti ine ndipitirize. Nsapato zanga zoyamba, bulangete la kusekondale, sutikesi yanga yachitsulo, zonse zinatuluka mu uvuni wawo wootchera makala. Anamangirira sutikesi ija pakaliyala, sanandifunse kanthu njira yonse. Titayandikira mudzi anangoti, "Achemwali, anthu akafunsa tiziti sukulu yatsekera." Ndipo anakhala akunena zomwezo mpaka anthu anatopa n'kufunsa.

Nditakhazikika kumudzi sindinakhale chete. Ndinati ngati digiri yandikana, ndiwaonetsa pompano. Ndinapanga chophikira cha dzuwa. Linali bokosi la matabwa, mkati ndinamatamo mapepala onyezimira a m'mapaketi a fodya, pansi pake ndinapaka utoto wakuda, pamwamba ndinavundikira ndi galasi la windo ya basi yakufa. Chinkagwira ntchito, Thoko. Ukaika poto wa nyemba m'mawa n'kumachitembenuza kutsata dzuwa, pofika masana nyemba zapsa, wosathyola nkhuni ngakhale imodzi. Ndinaitana amayi a m'mudzi, analawa, anaomba m'manja. Ndinati basi, nkhalango ya Lirangwe ndaipulumutsa ine, amene anandiwida aja adzamva pa wailesi.

Sipanapite nthawi, ndinapeza agogo ako, mayi anga, akukoleza moto pamafuwa monga kale, bokosi langa lili pakhonde. Ndinakwiya. Iwo anati, "Iwe, ndiwo zanga ndiziike pabwalo, ine ndipite kumunda, aliyense wodutsa azisuzumira pagalasi kuti kwa Nambewe lero kuli chiyani? Tsiku la nyemba aone nyemba, tsiku lopanda kanthu aonenso? Nanga wina akatsegula n'kuthiramo zake?" Ndinati zimenezo n'zikhulupiriro zachikale. Anati, "Chabwino, mayi ophunzira. Nanga phala la m'mawa dzuwa lisanatuluke? Nanga madzulo anthu agone ndi njala poti dzuwa lapita kwawo? Nanga m'bokosi lotsekamo ndivundula bwanji?" Ndinawafotokozera za kutentha ndi magalasi mpaka anayamba kusinza. Galasi lija anadzaliika pawindo la kuchipinda kwawo, bokosi anasandutsa mogona anapiye. Masamu anga anali olondola apanso. Ndinayeza dzuwa, ndinayeza galasi, ndinayeza poto. Sindinafunse wophika kuti amaphika nthawi yanji, ndipo sindinakumbuke kuti kwathu kuno poto wa ndiwo sasiyidwa poyera popanda mwini. Ndinakulira m'nyumba yomweyo, zonsezi ndinkazidziwa, koma zaka zitatu za ku yunivesite zinandikwanira kuti ndiziiwale. Iwe ukupita zaka zinayi, kutsidya kwa nyanja. Samala.

Sola ya padenga pathupa umaidziwa bwino, ndi imene yakufikitsa pamene wafikapa. Anzako akamagona msanga poti magetsi athima, iwe unkawerenga pansi pa babu lako, ine n'kumanyada kuona nyumba yathu yokha ikuwala mumzere wonse. Ku Lirangwe lero anthu amatchaja foni pakhomo, ana sadzukanso ndi mphuno zakuda ndi utsi wa koloboyi, kuchipatala chaching'ono katemera amasungidwa mufiliji ya sola, azamba sakugwiranso tochi ndi mano. Zimenezi si zazing'ono, ndipo amene amazinyoza sanaberekepo mumdima. Koma ukumbukenso chiperoni cha chaka chimene unkalemba mayeso a Fomu 4, mitambo itatseka kumwamba masiku otsatizana, batire n'kufa, iwe n'kumalira kuti sola yakugwiritsa fuwa lamoto. Tinagula makandulo ngati wina aliyense. Ukumbuke mwezi wa Okutobala fumbi likamata pagalasi, ine kukwera padenga ndi ndowa, chitenje nditamangira m'chiuno, aneba akuonerera ulere. Ukumbuke mabatire akufa amene aunjikana kuseri kwa bafa, oti sindidziwa kokawataya, ana a aneba ndimachita kuwathamangitsa kuti asawaswe. Dzuwa ndi laulere, eya. Koma chosungira dzuwa kuti ulione usiku n'chodula, chimakalamba msanga, ndipo chikafa chimasanduka poizoni. Madzi a mu Shire amachepa chaka cha chilala. Mphepo ya pa Chileka pano imakuntha mpaka kusasula madenga, mawa lake n'kukhala zii ngati yakwiya. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi tsiku lake lojomba. Wina akadzakuuza kuti wapeza chimodzi chothetsa zonse, umuyang'ane m'manja, ali ndi chimene akugulitsa.

Usaganizenso kuti amalume ako sanayesepo kusiya. Chaka china ndinawagulira sola yaing'ono ndi makina ometera, ndinati azitchajitsa mafoni ndi kumeta anthu, nkhwangwa ipume. Anavomera, anamanga kashedi pamphepete pa njira, anameta mudzi wonse mpala wofanana, chifukwa sitayilo ankadziwa imodzi. Zinayenda ndithu kwa kanthawi. Kenako timasola totchipa tinadzaza msika, nyumba iliyonse inakhala ndi kake, wodzatchajitsa foni anasowa. Tsitsi nalo silimera tsiku ndi tsiku. Anabwerera ku uvuni. Lero foni yotchajidwa ndi sola yangayo ndi imene ogula makala a ku Blantyre amawaimbirapo, ndipo nyale yake ndi imene amalondera nayo uvuni kuti usabooke. Ndinkati ndikupha makala, ndinangowawongolera malonda. Chida sichisankha ntchito, mwana wanga, chimatumikira njala imene yachipeza pakhomo.

Pampu ya sola ya kusukulu ya kwathu ija unaiona. Anabwera anthu a bungwe lina ndi magalimoto oyera, anaimika thanki, anajambulitsa ndi ana akumwa madzi pampopi, anapita. Madzi anatuluka bwinobwino, atsikana anasiya kuchedwa m'kalasi chifukwa cha mzere wa pamjigo. Kenako kanapsa kabokosi kamodzi kolamulira pampuyo, kakang'ono ngati buku la nyimbo. M'Blantyre monse mulibe, wodziwa kukakonza palibe, foni imene anasiya siyankhidwa. Magalasi ali pomwepo, akumwa dzuwa tsiku ndi tsiku, thanki ili youma gwa, ndipo mjigo wakale anauzula poika pampuyo. Atsikana abwerera kumtsinje. Ndiye ukakafika uko usakalowe gulu lojambulitsa. Kaphunzire kutsegula kabokosi kameneko. Ukaone chimene chimapsa, ndi chimene wokonza mawailesi wa pa Lunzu angaikemo m'malo mwake. Manja ako akade. Aphunzitsi ako akakakuonetsa makina okongola, uziwafunsa kuti fumbi likalowa amatani, mphenzi ikagwa amatani, akafa amakonza ndani. Uziwafunsa mwaulemu, ndipo akalakwitsa samu pabolodi ukawapeze ku ofesi ali okha. Ubwino waukulu wa sayansi ndi wakuti ikalakwa imabwerera n'kukonza, zina zimene ndinaloweza ine m'mabuku ako ndapeza zitasintha. Koma imene imavomera kulakwa ndi sayansiyo. Anthu ake amavutika nazo ngati wina aliyense, ine ndi iwe tili momwemo.

Ngati ukufunadi kuti amalume ako ndi anzawo aike pansi nkhwangwa, usabwere ndi nyale ina. Nyale tapeza. Foni tikutchaja. Chatikanika ndi nyemba. Ubwere ndi chinthu choti mayi wa ku Ndirande kapena wa pano pa Chileka aphikirepo madzulo, m'khitchini mwake, chitseko chili chotseka, pa mtengo woti angathe. Tsiku limenelo makala adzasowa wogula okha, sipadzafunika kunyoza munthu. Ukatero udzaganizenso kuti amene ankaotcha makalawo adzadya chiyani, chifukwa mvula ya ku Lirangwe umaidziwa, chimanga chimapserera chisanamasule. Funso limenelo silidzakhala pa mayeso ako, koma ine ndidzakufunsa.

Za chifuwa chawo sindikukuuza zachilendo. Unali nane tsiku lija kuchipatala chachikulu, ndiwe unanyamula chithunzi cha mapapo n'kuchilozetsa kuwindo, kundionetsa madera oyera amene samayenera kuyera. Adokotala anati si chifuwa chachikulu, ndi utsi ndi fumbi la makala la zaka zonsezi, ndipo mapapo akafika pamenepo sabwerera. Anatipatsa kopopera mkamwa kochepetsa phuma, n'kutiuza kuti asiye uvuni. Taona mmene sayansi ilili. Inaloza matenda bwinobwino, inatchula dzina, inatiuza ndi kumene tikulowera. Kuchiza ndiye ayi. Funso lakuti munthu akasiya uvuni adya chiyani adokotala analibe nalo yankho, ndipo sindiwaimba mlandu, si ntchito yawo. Maphunziro ako ndi a zaka zinayi, ndipo tonse tikudziwa kuti tikiti yobwerera pa tchuthi palibe. Iwe masamu umawatha kuposa ine. Werengera wekha.

Zina zing'onozing'ono ndinene ndisanaiwale. Kumeneko akuti kumazizira zoti chiperoni chathu ndi masewera, uzivala masokosi awiri osachita manyazi. Ukadwala upite kuchipatala tsiku lomwelo, usadzipime wekha pafoni. Amuna a kumeneko ndi amuna basi, kusiyana kwake n'kwakuti amafika pa nthawi yake. Akakakufunsa za kwanu usakayambe ndi umphawi kuti akumvere chisoni, komanso usakaname kuti kwanu kuli zonse. Akakamanyoza mayiko athu kuti tikudula mitengo, iwo ali m'nyumba zotenthetsedwa usana ndi usiku, ukawayankhe, pakamwa ndakupatsa ine, koma uyambe waona zotsatira za mayeso. Uziimba foni Lamulungu. Ukadzabwera usadzandilankhule Chichewa cha m'mphuno, ndidzakubweza pageti pomwepo. Ndipo umalize, Thoko. Zivute zitani, umalize. M'banja muno wosamaliza ndine, mmodzi akwana.

Tsopano za mawa. Ukadzuka ukwere minibasi mpaka pa Kameza, upeze ina ya ku Lirangwe, potsika ukwere kabaza. Ukachita changu ubwerako dzuwa lisanafike pamutu, usamba, tipitira limodzi kubwalo. Zikwama ndiyang'anira ine. Patebulo ndasiya shuga ndi sopo, usapite chimanjamanja. Uvale chitenje pamwamba pa thalauzi lakolo.

Ukafika usakayambe ulaliki, ndipo usakabweze mawu ako oti mitengo ikutha, chifukwa ikuthadi, iwonso akudziwa ngakhale amakana. Chimene ukabweze ndi "anthu ngati inu" aja. Ukagwade pamene akhalapo, ukanene kuti, "Amalume, ndinalankhula mopanda ulemu pagulu, ndabwera kudzatsanzika." Basi, usakawonjezere "komabe". Iwo akayamba kukana, akati panalibe nkhani, akati anachoka msanga chifukwa cha mtunda. Usakatsutse. Akakulangiza zambiri, zina zosagwirizana ndi mabuku ako. Mwina akakumangira kadothi ka pakhomo pakansalu kuti ukasungunule m'madzi oyamba kumwa kumeneko, dziko lachilendo likulandire. Ukalandire ndi manja awiri. Zoti dothi sililoledwa kudumpha malire tikambirana ine ndi iwe tikamapita kubwalo. Akazi awo akakuotchera mbatata pambaula, ukadye, ukapemphenso ina.

Wakula, pasipoti ili m'dzina lako. Ukapanda kupita ndikuperekezabe, ndikukumbatira, ndikalirira kubafa kuti anzanga a yunifolomu asandione. Ndimakukonda ukakhala wolondola, ndimakukondanso ukakhala wamwano, poti kwa iwe ziwirizi zimayendera limodzi ngati mapasa, ndipo ndikudziwa amene anakupatsira. Koma sindikufuna kuti tsiku lina foni idzakudzutse uko kutali, ine ndikukuuza za maliro, iwe n'kukumbuka kuti mawu ako omaliza kwa munthu ameneyu anali aja a Loweruka. Zimenezo palibe labu imene ingadzakuchotsere.

Ndimafuna kulemba kuti sindikukukakamiza, koma ndinganame. Dzulo ndinawaimbira achimwene anga, ndinawauza kuti ubwera Lachisanu m'mawa. Sindinakufunse, ndikudziwa, ukwiye ukamaliza kuwerenga. Pafonipo ndinkamva kupuma kwawo kuja. Kenako anati, "Achemwali, musamuvutitse mwana, ali ndi zambiri." Ndinati abwera. Anati, "Ndiye uvuni ndidzaufukula Loweruka." Uvuniwo wapsa kale, ndipo ukachedwa kufukulidwa mpweya n'kulowa, makala onse amasanduka phulusa, iwe wasayansi ukudziwa chifukwa chake kuposa ine. Munthu amene sanajombepo ku uvuni, ngakhale tsiku limene adokotala anamuletsa, wati mawa sapita. Akazi awo andiuza kuti achapitsa malaya a kutchalitchi, ndipo atulutsa mipando iwiri pakhonde.

Minibasi zimayamba kuyenda kukangocha.

Ndine mayi ako amene unatengera,
Esinati.